Kabokosi Kosadikira Yankho

9 Malichi
Kalata nambala 6

Wokondedwa mlongo wanga Kamawaya,

Yako ya mu Januwale ija ndinalandira, ngakhale sunailembe nambala, monga mwa khalidwe lako. Landira moni. Kuno tili bwino, ine, alamu ako ndi ana onse awiri, kupatula chifuwa chimene chikumuvuta wamng'onoyu. Tiuze za moyo wako m'tauni mmenemo. Za foni usanene, ukudziwa kuti kuno mpaka munthu akwere pa thanki ya madzi ndiye amve mawu awiri, achitatu aduka.

Ndili ndi nkhani ya kuntchito, ndipo ikukukhudza. Zaka khumi ndi zinayi tsopano ndikusunga firiji ya katemera pa chipatala chathu chaching'onochi. M'mawa ndi madzulo ndimatsegula, kuwerenga choyezera kutentha chimene chimalendewera m'katimo, n'kulemba m'buku. Katemera amafuna madigiri a pakati pa 2 ndi 8. Akatentha kupitirira pamenepo kwa nthawi yaitali, mphamvu yake yatha, wasanduka madzi wamba.

Lolemba pa 3 mwezi uno m'mawa ndinapeza 14, madzulo 17. Pa 4 ndi pa 5 inafika 19. Khoswe anali atadya waya wa ku sola kuseri kwa kabati, ndipo wokonza anabwera pa 5 masana. Katemera yense, makatoni asanu ndi limodzi, ndinamumanga ndi chingwe n'kulembapo kuti asagwiritsidwe ntchito. Amayi amene anabwera ndi ana ndinawabweza. Ena anandilalatira, poti anayenda mtunda wautali, koma chingwe sindinamasule.

Tsono dzulo abwera abwana a ku ofesi yaikulu ndi pepala la pa kompyuta yawo. Ndi la kabokosi kamene kampani yanu inamata pa firiji chaka chatha, kaja kamayeza kutentha n'kumatumiza kwa iwo pa netiweki. Papepalapo pali mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula: 5, 5, 5, masiku atatu onsewo. Akuti firiji sinatenthe. Akuti ndikunama, ndipo afufuza chimene ndikunamira.

Iwe unkatiuza kuti nzeru za m'kabokosika ndi zako. Ndiye ndifotokozere: kanganene bwanji 5 pamene dzanja langa linamva mpweya wofunda m'firijimo? Uyankhe msanga kudzera kwa adalaivala a basi ya Lachiwiri, ndipo unene kuti iyi walandira.

Ndine mchimwene wako,
Kalaliki, poti ndi dzina limene unandipatsa


14 Malichi

Achimwene a Kalaliki,

Moni nonse kunyumbako. Wamng'onoyo mum'patse mankhwala a chifuwa, musadikire kuti chikule. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndi imene ikundipanikiza. Za manambala a makalatazo, kodi simutopa? Ndi anthu angati m'dziko muno amene amalembera mlongo wawo ngati akulemba lisiti?

Nkhani yanu yandidetsa nkhawa, koma ndikuuzani zoona zokhazokha. Timabokosi timeneti ndimatidziwa ngati chikhatho changa. Mkati mwake muli kamutu koganizira kochepa kuposa chikhadabo ndi batire imodzi basi. Kale tinali tolongolola. Ola lililonse kabokosi kankatumiza fayilo yonse ya manambala, ndipo pa chidutswa chilichonse kankafunsa kompyuta ya ku ofesi kuti, mwalandira? Kankadikira mpaka ayankhe kuti, ndalandira, kenako n'kutumiza china. Netiweki ikaduka pakati, kankayambiranso poyamba. Kumalo ngati kwanuko batire inkathera m'mafunso omwewo, milungu itatu yokha kabokosi kafa.

Ine ndi amene ndinathetsa vuto limenelo, ndipo ndinachita zinthu zitatu. Fayilo ndinaidula tizidutswa ting'onoting'ono. Kabokosi kamalankhula pokhapokha kutentha kukasintha, kukapanda kusintha kamakhala chete. Ndipo sikadikiranso yankho, kamatumiza n'kupitiriza ntchito. Lero batire ikukhala miyezi isanu ndi itatu. Abwana anga anandiimiritsa pamaso pa anthu onse, n'kundipatsa tebulo langalanga pafupi ndi windo. Timabokosi mazana anayi tikugwira ntchito ndi nzeru zimenezi, ndipo palibe amene wadandaula.

Makina sanama, achimwene, alibe chifukwa chonamira. Choyezera chanucho ndinachiona ndili pasukulu, chikulendewerabe pa waya yemweyo. Sindikuti mwanama, ayi. Ndikuti chakalamba ndipo chakusokeretsani. Pitani kwa abwanawo mukavomere kuti choyezera chinalakwa, mupepese, nkhani ithe isanakule. Kuuma mutu kwanu ndimakudziwa, koma pano sipofunika.

Mukapanda kulembanso ndidziwa kuti zatha bwino.

Ine mlongo wanu,
Kamawaya


22 Malichi
Kalata nambala 8

Mlongo wanga,

Moni. Tili moyo.

Yako ya pa 14 ndinalandira, ndipo ndinaiyankha tsiku lomwe inafika. M'kalata imeneyo ndinakuikira manambala onse a m'buku langa, amene ndinakopera pamanja abwana asanalande bukulo. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha, kuti uwayang'ane ndi maso ako. Basi yabwera kawiri, iwe zii. Ndamva. Munthu akakhala chete nayenso wayankha.

Ndikudziwitse pamene zafika, kuti usadzamve kwa ena. Andiimitsa ntchito kuyambira Lolemba. Makiyi ndapereka, foni atenga akuti akuifufuza, ndipo andiletsa kuponda m'chipinda cha firiji. Akuti ndinkafuna katemerayo alembedwe kuti waonongeka, ine ndikam'gulitse kuseri. Mlandu udzakambidwa pa 8 Epulo ku ofesi yaikulu. Akandipeza wolakwa, ntchito yatha, ndipo makatoni asanu ndi limodzi aja adzawamasula n'kuyamba kubaya ana, poti kompyuta ikuti ndi abwino.

Wandiuza kuti ndikapepese. Ndingapepese kuti ndinabadwa wouma mutu, koma sindingapepese chifukwa cha 19 amene ndinamuona ndi maso anga.

Mchimwene wako

Alamu, ndine mkazi wa achimwene anu, ndapempha kampata pansi pa pepala lawoli. Bambowa sakudya. Akumadzuka nthawi yomwe ija, kuvala malaya a kuntchito, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Dzulo kumsika mayi wina wandifunsa pamaso pa anthu kuti, katemera mukugulitsa bwanji kwanu? Ndinangonyamula dengu langa. Inu muli ndi tebulo la pa windo, zikomo, mpweya uzikupitani bwino. Ine sindinaphunzire za mawaya, koma mwamuna wanga ndimam'dziwa. Munthu amene amalemba deti pa thumba la mchere kunyumba anganame za firiji?


26 Malichi

Achimwene,

Mundikhululukire. Moni kwa alamu ndi ana.

Nambala 7 sindinalandire. Ndikulumbira. Ndili ndi 6, ndili ndi 8, pakati palibe. Milungu iwiri yonseyi ndimati poti simunalembe, ndiye kuti nkhani inatha. Ndinayang'ana nambala 8 ija pakona pa pepala kwa nthawi yaitali. Mukanapanda kulemba manambala amene ndimakusekani nawo, sindikanadziwa n'komwe kuti pali kalata imene inasowa panjira. Ndipo ndinadzifunsa kuti, nanga kompyuta ya ku ofesi imadziwa bwanji kuti kachidutswa ka fayilo kasowa panjira?

Siidziwa, achimwene. Manambala a tizidutswa ndinawachotsa ine, pofuna kuti uthenga uchepe.

Dzulo m'mawa ndinatenga kabokosi kamodzi kuntchito. Ndinakaika m'chitini chachitsulo chosungira zipangizo n'kutseka, kuti netiweki isalowe, koma waya wake woyezera ndinautulutsa n'kuuviika m'kapu ya madzi ofunda. Ndinakhala pa kompyuta maola atatu. Mzere unangoti 5, 5, 5, wowongoka ngati wa pepala limene anakuonetsani. Kabokosi kanaona kutentha, kanafuula, koma mawu ake anathera m'chitinimo. Poti sikadikira yankho, kanayesa kuti kamveka. Kompyuta nayo, poti sinamve kanthu, inayesa kuti palibe chasintha, n'kupitiriza kujambula 5 wakale uja. Ndikukhulupirira kuti masiku atatu amenewo netiweki kwanuko inali itaduka. Simunaname. Kulakwa ndi kwanga, ndipo ndinakuuzani kuti mukapepese. Manyazi andigwira moti sindikudziwa poika nkhope.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa nthawi yatithera. Zimene kabokosi kanayeza zikadali m'mimba mwake. Kali ngati kope la masamba makumi atatu, tsamba limodzi tsiku limodzi. Kakafika kumapeto kamabwerera poyamba n'kumalemba pamwamba pa zakale. Pa 2 Epulo kayamba kulemba pamwamba pa 3 Malichi. Pofika pa 4 Epulo madzulo, umboni wanu wonse udzakhala utafufutika. Njira ndi imodzi: batire ichoke lisanafike tsiku limenelo. Kumbuyo kuli tizitsulo tiwiri tomangira, mumasule, mukoke batire, kabokosi kaima pomwepo. Zotsalazo ndidzawerenga ine pamaso pa abwana anuwo.

Abwana anga ndawauza. Anatseka chitseko n'kunena kuti, tikonza mwakachetechete mwezi wamawa, nkhani imeneyi isatuluke m'chipinda muno. Ndinawafunsa za inu. Anati ya achimwene akowo ndi nkhani ya olemba ntchito awo, si yathu.

Ndayesa foni ya alamu kasanu ndi kawiri, sikulowa. Chonde muyankhe kuti iyi mwalandira.

Mlongo wanu


28 Malichi
Kalata nambala 9

Kamawaya,

Yako ya pa 26 ndalandira lero masana, ndipo ndikuyankha adalaivala asanatembenuze basi. Moni. Ndaiwerenga katatu. Kachitatuko ndinapita kuseri kwa nyumba kuti ana asandione nkhope. Mtima wanga wapepuka, chifukwa ndinali nditayamba kudzikayikira ndekha, kumati kapena ndakalamba, maso ayamba kundinamiza.

Koma batire sindichotsa.

Choyamba, andiletsa kulowa m'chipindamo. Munthu woganiziridwa kuba akapezeka ndi sikuludalaivala kumbuyo kwa kabokosi komwe kakumutsutsa, ukuganiza kuti adzati chiyani? Adzati wakonza umboni. Mlandu umodzi udzasanduka iwiri.

Chachiwiri ndi ichi. Kabokosi kakatsegulidwa pamaso pa anthu, dzina limene lidzatuluke m'menemo ndi lako. Ndinakuona ukumasula wailesi ya bambo uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinakwapulidwa ine m'malo mwako, poti ndinati ndine ndaiononga. Sindinadandaule tsiku lija ndipo sindidandaula lero. Pabanja pathu pano amene wafika patali ndiwe. Ine kwatsala zaka zochepa kuti ndipume, ndikhoza kulima. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Konza timabokosi tako mwakachetechete monga anenera abwana ako, kuti zisadzachitikirenso wina. Za ine zisiye.

Ku mlandu ndidzanena zimene ndinaona, basi. Akakhulupirira, chabwino. Usabwere, ndipo usawalembere alamu ako za nkhani imeneyi.

Mchimwene wako


30 Malichi

Alamu anga,

Moni. Envelopu iyi ndalembapo dzina lanu ndipo ndawapempha adalaivala kuti akupatseni m'manja, achimwene asaone. Andiletsa kukulemberani. Aka n'koyamba kuwanyozera mawu awo dala.

Mawu anu a tebulo la pa windo anandilasa, ndipo munalasa poyenera. Amuna anu sananame. Kabokosi kanga ndi kamene kanalephera kufikitsa uthenga, ndipo umboni uli m'kati mwake, koma uyamba kufufutika pa 2 Epulo ngati batire sichotsedwa. Iwo akana, akuti akuteteza ine. Aiwala chinthu chimodzi. Akagonja pa mlanduwo, makatoni aja amasulidwa, ndipo ana adzabayidwa madzi, makolo n'kumapita kwawo ali osangalala kuti ana awo atetezedwa. Ntchito yanga singalemere kuposa zimenezo.

Inu simunaletsedwe kulowa pachipatala. Pitani kwa anamwino aakulu. Musakhudze kabokosi ndi dzanja lanu, ngakhale pang'ono. Achotse batire ndi iwowo, pakhale mboni ziwiri zosakhala abale athu, alembe tsiku ndi nthawi, onse asayine. Kenako kabokosiko akaike mu envelopu, amate, asunge m'kabati yokhoma mpaka pa 8. Akaopa, muwaonetse pepala lachiwiri limene ndaikamoli. Ndalembapo dzina langa, udindo wanga, ndi kuti ndine ndapempha zimenezi. Chilichonse chikavuta, chigwere ine.

Musadikire kuti kuche bwino, alamu. Tsiku lililonse likudya tsamba limodzi.

Mlamu wanu


3 Epulo

Alamu,

Moni, ndipo khalani pansi musanawerenge.

Kalata yanu yafika lero m'mawa, osati dzana. Basi inathyoka chitsulo cha kumawilo, yagona masiku awiri panjira, kalata yanu ili m'thumba la adalaivala. Ndinaona deti la pa 2 limene munalemba, pamene lero ndi pa 3. Ndinasiya madzi pamoto, ndinawauza bambowa kuti ndikukagula sopo, n'kuthamanga ngati mtsikana.

Anamwino aakulu ndinawapeza akuyeza ana sikelo, mzere mpaka panja. Ndinawanong'oneza, iwo anati, mayi, dikirani ndimalize. Ndinadikira ola lathunthu ndikuyang'ana chitseko cha chipinda cha firiji, ndikudziwa kuti m'katimo kanthu kanu kakudya umboni wa mwamuna wanga. Atamaliza anawerenga pepala lanu, nkhope inagwa. Anati, ine ndili ndi ana anayi, ofesi yaikulu sinandilamule zimenezi, bwanji tidikire ndiwafunse? Ndinati, mufunsa pa foni iti, ya pa thanki? Anati, mayi, musandiike m'mavuto.

Pamenepo ine pakamwa panatseguka, mukundidziwa. Ndinawalozera amayi amene anali pabenchi ndi makanda awo. Ndinati, anamwino, makatoni aja akamasulidwa, jakisoni adzagwira ndani, abwana a ku ofesi kapena inu? Mwakhala ndi bambo aja zaka khumi ndi zinayi, tsiku liti munawapeza atalemba nambala asanatsegule firiji? Anavula magalasi n'kunena kuti, kaitaneni mlonda ndi aphunzitsi aakulu a pasukulu.

Sikuludalaivala inasowa chipatala chonse. Mlonda anamasula ndi nsonga ya mpeni wake, kachitsulo kamodzi kanagwera pansi pa firiji, tonse tinagwada kukafunafuna, ndi aphunzitsi omwe ndi tayi yawo. Batire inatuluka nthawi ili 12:20 masana. Alemba, asayina, amata, akhoma. Ndiye ndiuzeni zoona, alamu: tachedwa? Chatsalamo chilipo?

Tsopano ndiulule changa, poti inu mwaulula chanu. Kalata nambala 7 sinasowe panjira. Ili m'sutikesi mwanga, pansi pa nsalu. Bambowa anandituma kuti ndikapereke ku basi, ine ndinaibisa. Nditamva zimene munawayankha zija, zoti akapepese, ndinati mlamu wangayu ali mbali ya kampani yake, akalandira manambalawa akawataya, ndipo buku lenileni analanda kale. Ndinakuganizirani zoipa. Masiku onse amene bambowa ankadikira yankho lanu pakhonde, ine ndinkadziwa chifukwa chake silikubwera, ndipo ndinkawathirira tiyi osanena kanthu. Mundikhululukire. Pa 8 ndibwera nayo.

Ndawauza zonse madzulo ano, za batire ndi za kalata. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angofunsa za inu kuti, ndiye kuti mwanayo abwera? Ndati eya. Atuluka, akukonza mpanda umene suli wothyoka.

Mlamu wanu


10 Epulo
Kalata nambala 1

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndafika bwino. Onani pakona pa pepalali, ndipo musaseke.

Sindikudziwa mmene mlandu unathera. Nditamaliza kulankhula ananditulutsa, akuti wa kampani asamve zokambirana zawo, ndipo basi yobwerera inali ikuliza kale hutala. Inu simunandiyang'ane ngakhale kamodzi m'chipinda chija. Pamene ndinkalumikiza kabokosi ku kompyuta, maso anu anali pa zala zanu. Pamene manambala anayamba kutuluka, munayang'ana kudenga. Ndikudziwa kuti ndinachita zimene munandiletsa, ndiponso ndinalowetsamo akazi anu.

Mwina simunaone bwino zimene zinatuluka, ndiye ndikuuzeni. Za pa 3 Malichi zinafufutika zonse, ndi za pa 4 m'mawa. Zinayambira pa 4 masana: 18, 19, 19, mpaka pa 5 pamene wokonza analumikiza waya, kenako zinatsika pang'onopang'ono kufika pa madigiri 5. Alamu atatulutsa nambala 7, abwana aja anaika pepala lanu pambali pa langa n'kumatsata ndi chala. Pa 4 madzulo inu munalemba 19, kabokosi 19. Pa 5 m'mawa inu 19, kabokosi 19. Koma wina wa iwo, wa jekete uja, anati tsiku loyamba palibe umboni, ndiponso mboni ndi mlongo wake wa woimbidwa mlandu. Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa mtendere.

Kuntchito andichotsa pa timabokosi. Tebulo la pa windo pakhala wina, ine andiika kosungira katundu, kuwerenga mabatire, mpaka akuluakulu aganize zochita nane. Sanandichotse ntchito, mwina poti amene angakonze cholakwikacho msanga ndi ine ndemwe. Ndawalembera kale kakonzedwe kake. Kachidutswa kalikonse kazikhala ndi nambala. Kabokosi kazisunga mpaka kamve kuti, ndalandira. Ndipo kamodzi pa tsiku kazinena kuti kali moyo, ngakhale palibe chasintha, kuti kompyuta ikapanda kumva izilemba kuti sindikudziwa, osati 5. Batire izikhala miyezi isanu m'malo mwa isanu ndi itatu. Miyezi itatu imeneyo ndi imene ndinagulitsira dzina lanu.

Pali china chimene chikundilemera. Ndafufuza mizere ya timabokosi tonse mazana anayi, ndipo ndapeza malo khumi ndi limodzi amene ali ndi mzere wowongoka ngati wanu. Mwina kumeneko mafiriji anali bwinobwino, sindikudziwa. Koma palibe ngakhale mmodzi amene anatsutsa kompyuta. Mndandandawo ndaupereka ku ofesi yaikulu ndi dzanja langa.

Ngati mwandikwiyira, nenani, ndipirira. Koma musakhale chete. Sindidzayesanso kuti chete ndiye kuti zili bwino.

Mlongo wanu,
Kamawaya


14 Epulo
Kalata nambala 10

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino, chifuwa cha wamng'ono chija chinatha.

Anatisunga mpaka madzulo. Wa jekete uja analimbikira za tsiku loyamba, koma anamwino aakulu anaimirira osapemphedwa n'kunena kuti, ngati bambowa ananena zoona Lachiwiri ndi Lachitatu, Lolemba ananamiranji? Makiyi andibwezera, buku andibwezera, foni akuti ibwera. Kupepesa sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Makatoni asanu ndi limodzi aja anawatenga pa galimoto kukawaononga, ndinawakweza ndekha. Katemera watsopano wafika dzana, ndipo amayi amene ndinawabweza aja ayamba kubwera. Mmodzi wa amene anandilalatira anandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine ndinayankha chimodzimodzi.

Ukuti sindinakuyang'ane. N'zoona. Unaima pamaso pa anthu asanu ndi awiri, mawu osanjenjemera, n'kunena kuti, cholakwa ndi changa, ndinachotsa manambala ndine. Ndikanakuyang'ana ndikanalira, ndipo munthu wa msinkhu wanga salira pamaso pa abwana. Ndinakwiya, inde, masiku awiri. Ndinkafuna kukutchinga ngati tsiku la wailesi lija, osaona kuti amene ndikumutchingayo anakula kalekale, ndiponso kuti kumbuyo kwanga kunali ana a eni. Pamenepo unaona bwino ndiwe. Za malo khumi ndi limodziwo usazisiye, uziwakumbutsa mpaka atope nawe.

Alamu ako akuti ndikuuze kuti kosungira katundu nakonso kumakhala mawindo, ukapempha. Makalata tsopano ndikumakapereka ndekha ku basi.

Lero m'mawa ndatsegula firiji nthawi yanga ija. Choyezera chokalamba chija chinati 5. Ndinaika dzanja m'katimo kuti ndimve ndekha, kenako ndinalemba.

Yako ya nambala 1 ndalandira. Ndikudikira nambala 2.

Ndine mchimwene wako,
Kalaliki